Olima Ngambiri, Wopalira Ndani? Kuyesa Buku la Eric Raymond

M'mwezi wa May caka ca 1997, mu mzinda wa Würzburg ku Germany munali msonkhano wa amisiri a kompyuta. Pa msonkhanopo munthu wina wa ku America, dzina lace Eric Raymond, anaimirira nawerenga nkhani imene anaicha The Cathedral and the Bazaar, ndiko kunena kuti chalichi cacikuru ndi msika. Patapita zaka ziwiri, mu 1999, nkhaniyo inasindikizidwa m'buku pamodzi ndi zolemba zace zina, ndipo bukulo linatenga dzina lomwelo. Buku limeneli silalitali, koma linatembenuza maganizo a anthu ambiri pa funso lakalekale: kodi nchito yaikuru imayenda bwino ikakhala m'manja mwa akatswiri owerengeka, kapena ikaikidwa pabwalo kuti ali yense wofuna agwireko? Raymond anayankha kuti pabwalo. Tsono popeza papita zaka zoposa 25, nthawi yakwana yakuti bukulo liyesedwe, kuti zioneke zoona zimene linanena ndi zofunika zimene linasiya osanena.

Wowerenga asayese kuti nkhaniyi njakutali, ya Azungu okha. Munthu ali yense amene ali ndi foni ya Android m'thumba mwace wanyamula cipatso ca nchito imene Raymond anali kunena, pakuti pansi pa zonse zooneka pagalasi la foniyo pali pulogalamu dzina lace Linux, imene inalembedwa ndi anthu zikwi zambiri a m'maiko osiyanasiyana, ambiri a iwo osaonana nkhope ndi kamodzi komwe. Kuyambira mwezi wa November 2017, makompyuta 500 amphamvu koposa pa dziko lonse lapansi onse amayendera Linux yemweyo. Ndiponso ziwerengero za odwala zimene zipatala za m'Zambia ndi m'Malawi zimatumiza ku unduna wa za umoyo zimadzera m'pulogalamu dzina lace DHIS2, imene nayonso iri yotseguka kwa onse. Cotero funso lakuti zinthu zotere amazisunga ndani likhudza ngakhale munthu amene sanagwirepo kompyuta.

Koma poyamba pafunika kumasulira mau ena. Kompyuta payokha siidziwa kanthu. Imangotsata malangizo amene munthu anailembera, ndipo mndandanda wa malangizowo ndiwo pulogalamu. Mmisiri amalemba malangizo ace m'mau amene mmisiri mnzace angathe kuwerenga, ndipo malemba amenewa m'Cingerezi amawacha source code. Pambuyo pace malembawo amasandulizidwa manambala amene makina okha ndiwo amamva. Kampani yogulitsa pulogalamu kawirikawiri imapereka manambala okhawo, nibisa malemba. Wogulayo afanana ndi munthu amene wagula njinga yowocherera pali ponse, yakuti akhoza kukwera koma sangamasule ngakhale nati imodzi, ndipo ikaonongeka ayenera kudikira cifundo ca mwini sitolo. Pulogalamu yotseguka ndiyo imene malemba ace ali poyera, kuti ali yense awerenge, akonze colakwika, ndi kupatsako mnzace.

ZIMENE BUKULO LINENA

Raymond akuti pali njira ziwiri zomangira pulogalamu. Yoyamba aifanizira ndi kamangidwe ka chalichi cacikuru, cimene amisiri owerengeka amamanga pang'onopang'ono mwakacetecete, osaonetsa nchito yao kufikira itakhwima. Owerenga ambiri amayesa kuti ponena za chalichi anali kunena makampani obisa malemba okha, koma citsanzo cace cinali mapulogalamu onga Emacs, a gulu la Richard Stallman, amene malemba ace anali poyera ndithu, koma okonza ace anali kagulu kocepa, ndipo zokonzazo anali kuziturutsa patalipatali. Raymond abvomera kuti iye mwini anali kukhulupirira kuti nchito yaikuru siingamangike mwa njira yina.

Njira yaciwiri anaiona pa Linus Torvalds, mnyamata wa zaka 21 wophunzira pa yunivesite ya Helsinki ku Finland, amene mu 1991 anayamba kulemba Linux naika malemba ace pa intaneti. Torvalds anali kulandira zokonza kucokera kwa munthu ali yense, ndipo anali kuturutsa nchitoyo kawirikawiri, nthawi zina kangapo pa tsiku limodzi, ingakhale inali ndi zolakwa. Izi kwa Raymond zinaoneka ngati msika wa phokoso, kumene ali yense afika ndi malonda ace ndi maganizo ace. Iye anayembekeza kuti cinthu cotere cidzapasuka ndi cisokonezo, koma anazizwa poona kuti cinali kulimbirabe mwezi ndi mwezi.

Pofuna kudziwa cifukwa cace, Raymond anayesa njirayo pa nchito yace. Mu 1996 anafuna pulogalamu yotengera makalata a pa intaneti, napeza ina yaing'ono dzina lace popclient, imene mwini wace, Carl Harris, anali atatopa nayo. Harris anampatsa, ndipo Raymond anaikuza naicha fetchmail. Ali yense amene anamlembera kalata ya dandaulo anamuika pa mndandanda wa othandiza, kufikira mndandandawo unafika pa anthu pafupifupi 300. Anali kuwafunsa maganizo, kuwayamika poyera, ndi kuturutsa zokonza msangamsanga. Pa zimene anaona anaturutsapo maphunziro 19, olembedwa mwacidule ngati miyambi. Lalikuru mwa onse, limene analicha lamulo la Linus, tanthauzo lace ndi lakuti oyang'ana akacuruka, palibe colakwa cimene cingabisale nthawi yaitali, cifukwa cimene cabvuta mmodzi cidzakhala capafupi kwa wina.

Pamenepa Raymond anali kutsutsana ndi ciphunzitso cakale. Fred Brooks, amene anayang'anira nchito yaikuru pa kampani ya IBM, analemba mu 1975 kuti kuonjezera anthu pa nchito ya pulogalamu yotsalira m'mbuyo kumaibweza m'mbuyo koposa, cifukwa nthawi imathera m'kufotokozerana. Raymond anayankha kuti kufuna zolakwa ndi nchito imene anthu ambiri angagawane popanda kufotokozerana kwambiri, pakuti ali yense amayesa pulogalamuyo kwao, pa makina ace, nauza mtsogoleri cimene wapeza.

PAMENE BUKULO LINALASA

Ubwino woyamba wa bukuli ndi wakuti linalembedwa ndi munthu wogwira nchitoyo ndi manja ace. Raymond asimba zimene zinacitika pa fetchmail tsiku ndi tsiku, kumene anasocera ndi kumene anabwerera, ndipo sacita manyazi kubvomera kuti nzeru yopambana yonse m'pulogalamuyo inacokera kwa mmodzi wa oigwiritsa nchito, amene anamtumizira malemba ocepa osonyeza njira yina. Akale anati mlendo ndiye abwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo bukuli lionetsa bwino kuti nyumba yotseka citseko siilandira kalumo kotero. Phunziro lakuti wogwiritsa nchito cinthu ayenera kuyesedwa mnzace wa wocipanga, osati wongolandira, ndi loyenera kusungidwa ndi mphunzitsi, mlangizi wa ulimi, ndi kalaliki wa boma yemwe.

Raymond ayeneranso kuyamikidwa cifukwa sananene kuti msika umadziyendetsa wokha. Iye abvomera kuti khamu silingayambe nchito popanda kanthu m'manja. Pafunika munthu mmodzi ayambe wapanga cinthu coyenda, cingakhale copunduka, cimene ena angaone kuti ciri ndi tsogolo. Abvomeranso kuti mtsogoleri ayenera kukhala wodziwa kuzindikira nzeru yabwino ya wina, ndi wodziwa kulankhula ndi anthu. Owerenga othamanga amalumpha mau amenewa, koma ali m'bukumo.

Mphamvu ya bukuli inaoneka msanga. M'mwezi wa January 1998 kampani ya Netscape inalengeza kuti idzatsegula malemba a pulogalamu yace yoyendera pa intaneti, ndipo akuru ace ananena kuti nkhani ya Raymond inawathandiza kulimba mtima. Caka comweco Raymond ndi Bruce Perens anayambitsa bungwe la Open Source Initiative, kuti anyengerere amalonda kutsata njira ya msika. Koma nkhani ya Netscape yomweyo iri ndi cenjezo. Khamu la othandiza silinafike monga anayembekezera, malemba ambiri anacita kulembedwanso, ndipo Mozilla yokhwima inaturuka mu 2002, Firefox mu 2004. Kutsegula citseko kunali kwa tsiku limodzi, koma nchito inatenga zaka.

MASO AMBIRI

Cofooka coyamba ca bukuli ciri pa umboni. Lamulo lalikuru lotere laimikidwa pa zitsanzo ziwiri, ndipo cimodzi mwa izo ndi nchito ya mlembi mwini, kotero kuti iye ndiye mboni ndiyenso woweruza. Ndiponso anthu 300 aja a fetchmail ambiri anali amisiri anzace, odziwa kuwerenga malemba, ndipo nchitoyo inali yatsopano ndi yokoma kuigwira. Raymond anawerenga maso amene ali ndi ufulu wa kuyang'ana, nawayesa maso amene alikuyang'anadi. Kusiyana kwa ziwirizi ndiko mtima wa mlandu wonse.

Munthu wa kumudzi adziwa za dima. Mwini munda amafulula mowa naitana anansi, ndipo pa tsiku limodzi munda wonse umalimidwa, anthu alikuimba ndi kupikisana. Palibe angakane kuti makasu 30 aposa khasu limodzi. Koma dima litatha anthu amabwerera kwao, ndipo kupalira, kubandira, ndi kuingitsa anyani miyezi yonse ya dzinja kumatsalira mwini munda. Buku la Raymond lisimba bwino lomwe za tsiku la dima, koma za miyezi ya kupalira linena zocepa. Pulogalamu siimalizika ngati mpando wa matabwa. Makina akasintha nayonso iyenera kusintha, ndipo mbala zikapeza njira yatsopano iyenera kutsekedwa. Nchito imeneyi njotopetsa, yosabweretsa dzina, ndipo khamu silithamangirako.

Zimene zinacitika mu 2014 zitsimikiza izi. Pali pulogalamu yotseguka dzina lace OpenSSL, imene nchito yace ndi kukhoma loko pa mauthenga oyenda pakati pa munthu ndi banki kapena sitolo ya pa intaneti. Pa tsiku lomaliza la caka ca 2011 colakwa cacing'ono cinalowa m'malemba ace, ataciona munthu mmodzi yekha woyesa, amene sanacizindikire. Colakwaco cinaturuka kwa anthu mu March 2012, ndipo cinakhala poyera zaka ziwiri kufikira pa 7 April 2014, pamene cinalengezedwa ndi dzina lakuti Heartbleed, ataciona mmisiri wa Google ndi amisiri a kampani ya Codenomicon ya ku Finland. Ndi colakwaco mlendo anali kukhoza kupempha kompyuta kanthu kakang'ono, iyo nimpatsa zoposa zimene wapempha, kuphatikizapo mau acinsinsi a anthu ena. Makompyuta pafupifupi theka la miliyoni anali pa ngozi. Pamenepo ndi pamene dziko linamva kuti pulogalamu yodaliridwa ndi mabanki ndi maboma inali ndi munthu mmodzi yekha woigwira tsiku lonse, ndi kuti zopereka zaufulu zinali kufika madola pafupifupi 2,000 pa caka, kupatula zimene anali kupeza pogwira maganyu a makampani.

Nkhani yaciwiri njoopsa koposa, pakuti munalibe ngozi koma ciwembu. Pulogalamu dzina lace xz, yopanikizira mafailo kuti acepe, imapezeka pafupifupi m'kompyuta iri yonse ya Linux, ndipo kwa zaka zambiri inali kusungidwa ndi munthu mmodzi wosalipidwa. Mu 2021 kunafika wina wa dzina lobisalira lakuti Jia Tan, nayamba kuthandiza modzicepetsa. Mu 2022 makalata ena anayamba kudzudzula wosungayo kuti nchito siikuyenda, ndi kumkakamiza kuti apeze womthandiza. Iye anayankha poyera kuti watopa ndipo salandira malipiro. Pang'onopang'ono Jia Tan anapatsidwa makiyi, ndipo pa ciyambi ca 2024 anabisa m'pulogalamumo khomo la kuseri, lakuti mwini wace akadatha kulowa nalo m'makompyuta a anthu ena osadziwika. Pa 29 March 2024 Andres Freund, mmisiri wa Microsoft amene anali kuyesa cinthu cina, analengeza kuti wapeza khomolo, ataona kuti kulowa m'kompyuta yace kunali kucedwa ndi theka la sekondi.

Womkonda Raymond adzati nkhani ya xz imcitira umboni, pakuti Freund sakadatha kulondola phazi la mbalayo cikhala kuti malemba anali obisika. Izi nzoona, ndipo woyesa buku mwacilungamo ayenera kuzibvomera. Koma diso limene linaona linali limodzi, ndipo linaona mwamwai. Pali cinthu cinanso cowawa. Limodzi la maphunziro 19 aja likuti munthu akatopa ndi pulogalamu, udindo wace womaliza ndi kuipereka kwa wolowa m'malo woyenera. Wosunga xz anacita monga momwemo. Bukulo silinamuuze m'mene angadziwire woyenera pakati pa anthu osaoneka nkhope, kapena kumene angapeze mpumulo kuti asapereke makiyi cifukwa ca kutopa. Njira imene inayenda bwino pakati pa Harris ndi Raymond mu 1996, amisiri akali ocepa ndi odziwana, inasanduka khomo la mbala pamene cuma ca dziko lonse cinatsamira pa nchito yao.

MPHATSO NDI WOKOLOLA

Funso lakuti cifukwa ninji anthu amagwira nchito yotere popanda malipiro Raymond aliyankha m'nkhani ina ya m'bukumo, yochedwa Homesteading the Noosphere. Akuti amisiriwo ali ngati mtundu wa anthu amene cakudya cao ncokwanira, ndipo pakati pa anthu otere ulemu umapita kwa wopatsa zambiri, osati kwa wosunga zambiri. Awafanizira ndi mafumu a Kwakiutl a ku gombe la kumadzulo kwa Canada, amene anali kupikisana pa kugawa cuma pa maphwando ao. Pamenepa pali nzeru, ndipo munthu wodziwa kuti kupatsa nkuika sadzazizwa nayo. Raymond aonetsanso bwino miyambo yosalembedwa ya amisiriwo, monga wakuti dzina la munthu silifafanizidwa pa nchito yace popanda iye kulola.

Koma mau akuti cakudya ncokwanira ndiwo anayenera kumuimitsa kuti afunse. Wopatsa madzulo ace kwaulere ndiye amene ali ndi malipiro a usana, magetsi osazima, kompyuta yace yace, intaneti yochipa, ndi Cingerezi. Mnyamata kapena mtsikana amene watsiriza sukulu, amene agula intaneti ya tsiku limodzi ndi ndalama ya ndiwo, aloledwa kulowa mumsikamo monga wina ali yense, koma alibe nthawi yakuti apatse. Mai amene akaweruka ku nchito apeza nchito yina kunyumba ali cimodzimodzi. Msika wa Raymond ulibe mlonda pakhomo, koma njira yofikirako njaitali kwa ena kuposa anzao, ndipo bukulo silicita nazo kanthu.

Pa nkhani ya cilungamo, Raymond anasiyana ndi Stallman, amene anayamba nkhondoyi iye asanaichukitse. Stallman anali pa sukulu ya MIT pamene anakanizidwa malemba a makina osindikizira a Xerox amene anafuna kukonza, ndipo anaona kukanizako ngati kulakwira mnansi. Mu 1983 analengeza nchito ya GNU, mu 1985 anayambitsa bungwe la Free Software Foundation, ndipo mu 1989 anaturutsa cilolezo cochedwa GPL. Cilolezoco cipatsa munthu ali yense ufulu wa kugwiritsa nchito pulogalamu, kuiwerenga, kuisintha ndi kuigawa, koma cimmanga ndi pangano limodzi: akagawira ena cimene wasintha, ayenera kuperekanso malemba ace pa ufulu womwewo. Ili ndilo lamulo la dima leni leni, lakuti womwa mowa wa mnzace lero adzanyamule khasu tsiku limene mnzaceyo adzaitana. Torvalds anaika Linux pansi pa GPL mu 1992. Msika umene Raymond anautama unali ndi lamulo limeneli pansi pace, koma nkhani yace yoyamba siilipatsa malo oyenera.

Raymond ndi anzace anaona kuti mau a ufulu ndi udindo aopsa amalonda, nasankha kunena za phindu lokha, kuti njira yotseguka ipanga zinthu zolimba pa mtengo wocepa. Amalonda anamva ndithu. Mu 2018 Microsoft inagula GitHub, malo amene amisiri ambiri amasungira malemba ao, pa madola 7.5 biliyoni. Mu 2019 IBM inagula Red Hat, kampani imene inakulira pa Linux, pa madola 34 biliyoni. Lero mbali yaikuru ya zokonza za Linux imalembedwa ndi anthu olipidwa ndi makampani onga Intel, Google ndi Red Hat. Palibe colakwa kuti mmisiri alipidwe, ndipo malipiro amenewa ndiwo alimbitsa Linux. Cobvuta ndi cakuti ndalama zimatsata zinthu zimene kampani iziona, pamene tinthu tating'ono tonga xz, timene nyumba yonse yatsamirapo, timatsala m'manja mwa munthu mmodzi wotopa. Wokolola ndi wopalira sakhala munthu mmodzi, ndipo ciphunzitso cimene cinacotsa mau a udindo ciribe conena kwa wokololayo.

BUSA LA KU TÖRBEL

Pamene Raymond anali kulemba, buku limene likadamthandiza linalipo kale. Mu 1968 Garrett Hardin anaphunzitsa kuti busa la anthu onse liyenera kutha, cifukwa ali yense adzaonjezera ng'ombe zace kufikira udzu utatha. Mu 1990 Elinor Ostrom anaturutsa buku dzina lace Governing the Commons, m'mene anaonetsa midzi imene inasunga cuma ca onse zaka mazana ambiri osaciononga. Umodzi wa midziyo ndi Törbel, m'mapiri a Switzerland. Mu 1483 anthu a m'mudzimo anasaina pangano la kasungidwe ka mabusa ndi nkhalango zao, ndipo mu 1517 analemba lamulo lakuti munthu asatumize ku busa la kuphiri ng'ombe zoposa zimene angathe kudyetsa m'khola mwace m'nyengo ya cisanu. Panali woyang'anira wolipiritsa oswa lamulo, ndipo caka ndi caka eni ng'ombe anali kugawana nchito yokonza njira ndi kumwaza manyowa. Ostrom anapeza kuti kumene cuma ca onse cinakhalitsa kunali malire odziwika, malamulo opangidwa ndi ogwiritsa nchito eni ace, oyang'anira, zilango zoyamba pang'ono, ndi bwalo lapafupi loweruzira milandu. Mu 2009 analandira mphoto ya Nobel pa maphunziro a za cuma, mkazi woyamba kuilandira.

Wina adzati pulogalamu siifanana ndi busa, pakuti udzu umatha ukadyedwa, koma malemba angatengedwe ndi anthu miliyoni osacepa konse. Izi nzoona, ndipo ndi cifukwa cace Raymond sanaope odya osalima. Koma cimene cimatha ndico mphamvu ya wosunga. Wogwiritsa nchito ali yense watsopano abwera ndi funso lace, dandaulo lace, ndi pempho lace, ndipo zonse zigwera pa mutu umodzi. Nadia Eghbal anafotokoza izi mu 2016 m'lipoti lace lochedwa Roads and Bridges, m'mene anafanizira mapulogalamu otseguka ndi miseu ndi milatho, zimene onse amayendapo koma palibe aganiza za wozikonza kufikira zitagwa.

Dziko layamba kuphunzira, lingakhale liphunzira ndi ngozi. M'mwezi womwewo wa Heartbleed, April 2014, bungwe la Linux Foundation linasonkhanitsa ndalama kwa makampani akuru kuti amisiri a OpenSSL alipidwe. Mu 2022 boma la Germany linakhazikitsa thumba lochedwa Sovereign Tech Fund, lolipira osunga mapulogalamu otere monga boma limalipirira okonza miseu. DHIS2 ija ya m'zipatala, imene mizu yace iri ku South Africa m'zaka zotsata 1994 ndipo tsopano igwira nchito m'maiko oposa 70, iri ndi gulu la amisiri olipidwa pa yunivesite ya Oslo ku Norway, ndi magulu ena m'maiko a mu Africa ndi Asia ophunzitsa anthu a komweko. Malemba ace ngotseguka monga Raymond anafunira, koma yakhalitsa cifukwa pali anthu odziwika amene nchito yao ndi kuisunga, ndi ndalama zoikidwira nchitoyo.

Tsono ciweruzo pa bukuli ndi cotere. The Cathedral and the Bazaar ndi buku loyenera kuwerengedwa, lolembedwa ndi moyo, ndipo pa cinthu cimodzi cacikuru linapambana mlandu: anthu osalamulidwa ndi bwana mmodzi akhoza kumanga pamodzi cinthu colimba kuposa ca kampani yolemera, ndipo kubisa nzeru sikuilimbitsa. Kulakwa kwace ndi kwa munthu amene anaona dzuwa likuturuka nayesa kuti tsiku lonse lidzakhala m'mawa. Linaphunzitsa amalonda kuti kugawana kuli ndi phindu, koma silinawaphunzitse kuti kuli ndi ngongole. Walira mvula walira matope; wofuna cuma ca onse afunanso misonkhano, malamulo, oyang'anira ndi zopereka.

Wacinyamata amene watsiriza sukulu ndipo afuna kuphunzira nchito ya kompyuta ali ndi mwai umene makolo ace analibe, pakuti malemba a amisiri opambana ali poyera kuti awawerenge popanda kulipira, ndipo cokonza cace cingalandiridwe ku Helsinki kapena ku Oslo osamfunsa za setifiketi. Awerenge Raymond kuti alimbe mtima wa kulowa. Koma pa cinthu ciri conse cogawana cimene adzacipeza, kaya ndi pulogalamu, kaya ndi mjigo wa m'mudzi, kaya ndi thumba la bungwe la alimi, adzacita bwino kufunsa mafunso atatu amene bukulo linasiya: wosunga cinthuci ndani, iyeyo adya ciani, ndipo wotengapo zambiri wamangidwa ndi pangano lotani kuti abwezeko.